Anamuletsa Zilembo, Enelesi Anaumbitsa Ng'ombe

Inu amene mwagwa mphwayi chifukwa wina anakuuzani kuti simuli kanthu, senderani pafupi mumve za Enelesi.

Munali mu Juni chaka cha 1978, pa boma la Mwanza, kukuzizira koopsa. Enelesi anakhala pakhonde pa holo ya tchalitchi china, m'mene munkachitikira sukulu ya mkaka ya ana a mabwana a m'maofesi. Iye anali wantchito wolera mwana wa bwana wina wochokera ku Zomba. Mwanayo dzina lake linali Malcolm. M'mawa uliwonse ankamuperekeza, n'kudikira panja mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako n'kubwerera naye kunyumba. Pambali pake pankakhala mwana wake wobala yekha, Deliwe, wa zaka zinayi ngati Malcolm yemweyo.

Tsikulo Enelesi anangocheuka pang'ono kupatsa moni mayi wodutsa. Potembenuka, Deliwe panalibe. Atasuzumira pawindo anamuona atalowa, atakhala bwinobwino kumapeto kwa mphasa, miyendo atatambasula ngati anzake. Sanamenye munthu, sanasokose. Anangotola kachekeni kofiira kojambulira kamene kanagwa pansi, n'kumakayesa pa chikhatho chake.

Mayi woyang'anira sukuluyo, amene anali mkazi wa bwana wina, anamugwira dzanja n'kumukokera pakhomo. Anamutambasula zala chimodzichimodzi mpaka kachekeniko katagwa. Ndipo analankhula mokweza kuti ana onse amve:

"Muno si modyetsera ana a antchito. Atipatsira nsabwe."

Mukudziwa chimene Enelesi anachita? Anagwada. Anapepesa. Anapepesa chifukwa mwana wake anakhala pa mphasa. Ndipo kupepesako sikunathandize, poti dona wake atamva nkhaniyo anati banja lawo lachititsidwa manyazi pamaso pa anzawo. M'mawa mwake Enelesi anamanga kamtolo kake, n'kuyamba wapansi ulendo wa kwawo, kumapiri a kwa Kanduku.

Iye ndi Deliwe anayenda mtunda wautali. Atafika pamtsinje wina n'kukhala pamwala kuti apume, Deliwe anamuyang'ana mayi wake n'kufunsa:

"Amayi, ndinalakwa chiyani?"

 M'maso mwa Enelesi misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi mkwiyo, wotentha ngati khala la moto pachifuwa, ndipo anakwiyira kwambiri mawondo ake omwe amene anagwada aja.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Makolo ake anamwalira iye ali mwana, n'kuleredwa ndi amayi ake aang'ono. Mayeso a Sitandade 8 analemba kawiri, osasankhidwa. Mwamuna wake anapita ku Rhodesia kukasaka ntchito Deliwe ali m'mimba, ndipo anatchona, kalata ngakhale imodzi osatumiza. Tsopano ntchito nayo inali itatha. Pamudzi anthu anamulandira ndi tsinya, akunong'onezana kuti kusukulu analephera, ku banja analephera, ndiye kulera mwana wa eni walepheranso.

Koma panali chinthu chimodzi chimene dona uja sanathe kumulanda. Kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, Enelesi ankakhala pakhonde paja maso ali pawindo. Antchito anzake ankaluka kapena kuwodzera, iye ankaonera. Anaona m'mene ana ankafikira tsiku loyamba akulira, akukakamira nsalu za amayi awo, akulandana zidole ndi kulumana. Anaona m'mene ana omwewo, chaka chisanathe, ankakhalira pansi kumvetsera nthano mpaka kumapeto, kufola pamzere, kutukula dzanja, kupempha asanatenge chinthu. Anaona kuti sizinkachitika mwamatsenga. Zinkachitika pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, m'masewera.

Mu Okutobala sukulu zitatsegulidwa, Enelesi anadutsa pa pulaimale ya m'deralo akuchokera ku ganyu. Anaima kuonera ana a Sitandade 1. Polembetsa, mwana ankauzidwa kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira, ndiye kuti wakula, alowe. Kuyesa kwake kunali komweko. Ana oposa zana anawunjikidwa pansi pa mtengo ndi mphunzitsi mmodzi wa chikwapu m'manja. Ena ankalira, ena kuthawa, ena kudzikodzera poopa kupempha. Akafunsidwa dzina ankangoluma chala. Pensulo ankaigwira ndi nkhonya ngati mpini wa khasu, ndipo akalephera kulemba ankakwapulidwa m'zala momwemo.

Pofika Khirisimasi, theka la anawo linali litabwerera kubusa kukaweta mbuzi. Aphunzitsi ankati ana a kumapiri kuno ndi ouma mitu. Makolo nawo ankavomereza, amvekere sukulu ndi ya ana a pa boma.

Bodza limeneli ndi limene linamusowetsa mtendere Enelesi. Malcolm anamulera yekha. Ankamupukuta mamina, ankamudziwa kuti supuni imamuvuta kugwira, ndipo Deliwe ankamuposa pokumbukira nyimbo. Malcolm sanabadwe ndi nzeru zoposa za ana a kwa Kanduku. Anangopatsidwa chaka chimodzi cha pa mphasa asanakumane ndi chikwapu. Ana a kumudzi ankamanidwa chakacho, kenako n'kutukwanidwa kuti ndi mbuli.

Mu Januwale anasesa kuseri kwa nyumba ya amayi ake aang'ono, pansi pa mitengo ya manachesi, n'kuyala mphasa ziwiri zakutha. Anauza amayi opita ku ganyu kuti azimusiyira ana aang'ono m'mawa. Tsiku loyamba anabwera asanu, Deliwe wachisanu ndi chimodzi.

Analibe zidole, analibe chekeni, analibe pepala. Anali ndi dongo la kumtsinje, zitsononkho, nthanga za manachesi, nyemba zofiira ndi zoyera, makala, ndi chingwe cha luzi chimene anachimangirira ku nthambi kukhala katungwe.

Ana akafika ankayamba ndi kusamba m'manja ndi phulusa. Kenako ankakhala mozungulira, aliyense n'kuimirira kunena dzina lake, la bambo ake ndi mudzi wake. Musachione chaching'ono. Panali mwana wina amene zinamutengera milungu isanu kuti atchule dzina lake pamaso pa anzake osabisa nkhope. Ankasankha nyemba, zofiira uku zoyera uko. Ankawerenga nthanga mpaka khumi, chala chikukhudza nthanga iliyonse, chifukwa Enelesi anazindikira kuti mwana akhoza kuimba manambala ngati nyimbo koma osadziwa kuti zitatu n'zingati. Ankatunga mikanda ya njere pa ulusi. Ankamanga nkhokwe za zitsononkho, zikagwa n'kuyambiranso. Ankasewera masewera otchula nyama zodyedwa ndi zosadyedwa, kuti khutu lizolowere kumva pakamwa pasanatseguke. Enelesi akakamba nthano, ankaimira pakati n'kufunsa kuti akuganiza chitsatire n'chiyani, ndipo mawa lake mwana mmodzi ankaibwereza yekha.

Katungwe uja anali mmodzi, ana ambiri. Milungu yoyamba panali nkhondo: kukankhana, kukandana, kugubuduka m'fumbi. Enelesi sanamange wachiwiri ngakhale luzi linalipo. Anawaphunzitsa kufola, ndipo wokwera ankatsika anzake akawerenga mpaka khumi. Pofika Epulo, mwana wa zaka zinayi ankatha kuima pamzere, mtima ukufuna, thupi likunyanyuka, koma n'kudikira. Akuluakulu ambiri zimenezi zimawakanika mpaka imvi.

Ana anachuluka mpaka makumi awiri. Koma musaganize kuti anthu anawomba m'manja.

Tsiku lina kunabwera a Watson, bambo wa mmodzi mwa anawo, nkhope ili gwa. Anati iwo ankayesa kuti mwana wawo akuphunzira Chingerezi, koma akungobwera kunyumba ndi dothi m'zikhadabo. Ngati ndi ng'ombe za dongo, akhoza kuumba ali kubusa, mbuzi zikudya.

Enelesi anatola kang'ombe kamene mwanayo anaumba, n'kuwaonetsa nyanga zake zosongoka bwino.

"Bambo, zala zimene zapota nyanga izi ndi zomwezo zidzagwire pensulo. Mukazimana dongo lero, mawa zidzalandira chikwapu."

A Watson anati imeneyo ndi mfundo ya munthu wolephera mayeso. Anamugwira mwana wawo dzanja n'kumapita, mwanayo akucheuka.

Choopsa chenicheni chinachokera ku pulaimale kuja. A hedi a pasukulupo, a Magombo, anamva kuti kuseri kwa nyumba ina ana akulemba a, e, i pamchenga, ndipo ena akumutcha Enelesi kuti aphunzitsi. Zinawapweteka ngati awalanda mpando. Sanabwere kudzaona, sanamuitane kudzamufunsa. Anapita kwa a tcheyamani a nthambi ya chipani n'kukanena kuti m'mudzimo mwatsegulidwa sukulu yosadziwika ndi boma, ndipo palibe akudziwa zimene mayiyo akuika m'mitu ya ana.

Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepera pamenepo.

M'mawa wina, ana ali pakati poumba, kunatulukira anyamata atatu a chipani, a malaya ofiira. Anafunsa khadi la chipani. Enelesi anali nalo, analionetsa. Posowa pomugwirira, mmodzi anayamba kuponda ng'ombe za dongo zimene ana anaziyanika padzuwa, imodziimodzi, akuyang'ana Enelesi m'maso. Ana anabalalika akulira, ena kulowa m'chimanga. Mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu zake, kulimbana ndi zidole za makanda.

Mlandu unakambidwa pabwalo la sukulu, anthu atadzaza. A Magombo anaimirira atavala tayi, nalankhula nthawi yaitali, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Anati uphunzitsi uli ndi koleji yake ndi satifiketi yake, si chinthu chotola pakhonde pa mabwana. Pomaliza anatembenukira kwa anthu n'kufunsa:

"Munthu wolephera mayeso kawiri angaphunzitse chiyani? Kulephera?"

Anthu anaseka. Ena mwa osekawo ana awo anali atasamba m'manja kwa Enelesi m'mawa womwewo.

Ulendo uno Enelesi sanagwade. Anaima chilili. Anati iye sanatsegule sukulu yolimbana ndi ya boma, koma akukonza ana kuti akafika kwa a hedi asakathawe. Anati ngati a hedi akukhutira ndi ana amene amatsala pofika Khirisimasi, anene pamaso pa makolo kuti amatsala angati.  A Magombo analizemba funsolo.

A tcheyamani sanafune kukhumudwitsa a hedi, komanso ankadziwa kuti amayi a m'mudzimo akusowa kosiya ana popita kumunda ndi kokayeserera magule a chipani. Ndiye anagamula pakatikati. Kulera ana sanaletse. Koma malowo asatchedwe sukulu, Enelesi asatchedwe mphunzitsi, ndipo pasapezeke chilembo kapena nambala yolembedwa, kaya pamchenga kaya pakhoma. Akadzapezeka nazo, nkhaniyo idzapita ku boma.

Masiku atatu Enelesi sanayale mphasa. Anangopita kumunda, akulima ngati akumenya munthu. Amayi ake aang'ono anamuchonderera kuti azisiye, poti mutu umodzi ulibe wosinthira. Iye anaganiza zosiyadi. Koma tsiku lachinayi akutuluka ndi khasu, anapeza ana asanu ndi awiri ataima kuseri kwa nyumba. Palibe anawatuma. Anali atafola okha pa katungwe, akuwerengerana mpaka khumi.

Anaika khasu pansi n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Ndipo anazindikira kuti a Magombo, ndi satifiketi yawo yonse, analetsa chinthu chaching'ono kwambiri. Iwo ankayesa kuti maphunziro a mwana wamng'ono ndi zilembo basi. Sanaletse kumvetsera. Sanaletse kudikira, kufunsa, kugawana, kupepesa, kuyesanso chinthu chikakanika. Sanaletse zala kulimba.

Anayalanso mphasa. Zilembo anazisiyadi. M'malo mwake ana ankajambula mazira pamchenga, ozungulira bwino otsekeka. Ankajambula ndodo zoima ndi zogona, mbedza zoyang'ana uku ndi uko, mapiri otsatizana. Anyamata a malaya ofiira atabweranso kudzazonda anapeza mazira ndi mbedza bwalo lonse. Anazungulira, anakanda mitu, n'kubwerera. Palibe lamulo loletsa mwana kujambula dzira.

Chaka chimenecho chinali chowawa. Makolo ena anachotsa ana awo poopa kuda nawo mbiri. Ena akakumana ndi Enelesi panjira ankapatuka. Iye m'mawa ankakhala ndi ana, masana n'kupita ku ganyu kuti apeze chakudya, manja atachita matuza. Mvula ikagwa ankawathithikiza anawo pakhonde. Chingwe cha katungwe chinaduka katatu, katatu anapota china.

Mu Okutobala 1980, ana khumi ndi anayi a kwa Enelesi, Deliwe ali momwemo, anagwira makutu awo n'kulowa Sitandade 1. Chaka chimenecho kalasiyo inapatsidwa kwa mphunzitsi watsopano, mtsikana wa ku Dedza wongotuluka kumene ku koleji, dzina lake Iness. Anamupatsa ana zana limodzi ndi makumi awiri, choko, ndi chikwapu.

Mlungu woyamba Iness anangotsala pang'ono kulongedza katundu. Koma m'chipwirikiti chonsecho anayamba kuona kagulu kachilendo. Akaitana mayina, anawa ankayankha momveka. Akafuna kupita kuseri ankatukula dzanja n'kupempha. Mnzawo akalira ankamusendera pafupi m'malo momuseka. Mmodzi anabwera kudzamuuza kuti mwana amene iye ankamukalipira uja sachita mwano, koma khutu lake likutuluka mafinya ndipo sakumva. Tsiku limene Iness analemba chilembo a pabolodi, Deliwe anatukula dzanja n'kunena kuti limenelo ndi dzira lotsamira ndodo. Ana khumi ndi anayi analemba chilembocho nthawi yomweyo, pensulo ili pakati pa zala zitatu, pamene ena onse anali asanadziwe koyambira.

Iness anafufuza mpaka anafika pansi pa manachesi paja. Anakhala tsiku lonse la Loweruka akumufunsa Enelesi mafunso ngati mwana wa sukulu. Anali munthu woyamba wa satifiketi kumufunsa nzeru.

Chaka chikutha, mwa ana khumi oyambirira m'kalasimo, asanu ndi atatu anali a kwa Enelesi, ndipo mwa khumi ndi anayi aja palibe anathawa sukulu. Kunabwera insipekitala wa maphunziro kuchokera ku boma, bambo wachikulire wa njinga yamoto. Atayesa anawo anadabwa, n'kufunsa chinsinsi chake. A Magombo anakonza tayi. Anati izi ndi zipatso za njira zatsopano zimene iwo anayambitsa pasukulupo.

Tangoganizani. Munthu yemwe anamuseketsa Enelesi pagulu, yemwe anachititsa kuti anyamata akaponde zidole za ana, ndi yemwe anatambasula dzanja kukolola m'munda umene anafuna kuutentha.

Iness anali ataima kumbuyo. Ankadziwa kuti kutsutsa a hedi pamaso pa mlendo ndi kudziputira. Komabe analankhula:

"Pepani bwana, anawa sitinawakonze ndife. Anabwera okonzeka kale. Amene anawakonza tinamuletsa kulemba."

Choonadi chili ndi mtengo wake. Teremu yotsatira Iness anasamutsidwira ku sukulu ina yakutali, kumalire, kopanda msewu. Koma mawu ake anali atamveka kale. Tsiku lomwelo insipekitala uja anakwera njinga yake n'kulunjika kumudzi.

Anapeza ana atakhala mozungulira, akupatsirana chitsononkho. Lamulo lake linali lakuti wolankhula ndi amene wachigwira. Bamboyo anavula chipewa, anakhala pa mphasa, n'kuyamba kufunsa funso. Kamtsikana kena ka mano ogweluka kanamuyang'ana mopanda mantha n'kunena mwaulemu:

"Dikirani kaye, agogo. Sinafike nthawi yanu."

Insipekitala anatseka pakamwa n'kudikira mpaka chitsononkho chinamufika. Atachigwira anaseka mpaka misozi. Anati pa zaka zonse zimene wayendera sukulu, sanaonepo kalasi yodziwa kumvetserana ngati imeneyi.

Analemba makalata awiri. Ina inapita kwa a tcheyamani, ndipo chiletso chinatha mwakachetechete, popanda wopepesa. Ina anamupatsa Enelesi kuti apite nayo ku bungwe lina la ku Blantyre loona za sukulu za mkaka, limene linkachititsa maphunziro a milungu isanu ndi umodzi. Enelesi atafika kumeneko, kalaliki wa pakhomo anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena kuti opanda satifiketi ya sekondale salandiridwa. Enelesi anakhala pabenchi masiku awiri, kalata ili m'manja, mpaka mkulu wa maphunzirowo anaiwerenga yekha. Pomaliza maphunziro, amayi a m'tauni amene ankamunyoza chifukwa cha Chingerezi chake chothyoka ndiwo ankamuzungulira kuti awaonetse kupanga zoseweretsa ndi zinthu zotola.

Atabwerera anapeza makolo akuumba njerwa zomangira sukulu ya mkaka. Amene ankatsogolera pofolera denga anali a Watson. Mwana wawo uja anali atabwereza Sitandade 1, ndipo iwo sanayembekeze kuuzidwa kawiri: anabweretsa mng'ono wake okha, atamunyamula paphewa. Sanapepese ndi pakamwa. Anapepesa ndi udzu ndi nsungwi.

Pofika 1986, midzi inayi ya kwa Kanduku ndi iwiri ya kwa Nthache inali ndi sukulu za mkaka, zoyendetsedwa ndi amayi amene Enelesi anawaphunzitsa, ambiri mwa iwo osiyira sukulu panjira ngati iye. Ankayenda wapansi kuziyendera. Aphunzitsi a Sitandade 1 anayamba kulimbirana ana ochokera kumeneko.

Koma mukamufunsa Enelesi za tsiku limene anadziwa kuti moyo wake sunapite pachabe, sankatchula njerwa kapena ulendo wa ku Blantyre. Ankatchula Malita.

Chaka cha 1987 nkhondo ya ku Mozambique inakula, ndipo anthu othawa anadzaza m'midzi ya m'malire. Mayi wina wa m'mudzimo anatola kamtsikana ka zaka zisanu kamene kanafika ndi gulu la anthu amene sanali abale ake. Amayi ake anatsalira m'njira, ndipo palibe ankadziwa ngati ali moyo. Dzina lakuti Malita analidziwa chifukwa cha anthu amene anayenda nako, poti mwiniwake sankalankhula. Anthu ena ankati ndi wosamva, ena ankati ali ndi mizimu, ena amvekere kumutengera ku sukulu ya mkaka n'kutaya nthawi.

Enelesi anamulandira. Malita ankakhala pakona, msana ku khoma, maso pakhomo. Lole ikadutsa patali ankalowa pansi pa mphasa. Akapatsidwa mbatata ankaibisa m'malaya, ndipo woyandikira ankamuluma. Makolo awiri anabwera kudzadandaula za mano akewo, akufuna kuti achotsedwe. Enelesi anakana. Anati mwana woluma ndi amene akusowa sukuluyi kuposa onse.

Sanamukakamize kanthu. Tsiku lililonse ankangomuikira dongo pafupi, n'kukhala chapatali akuumba lake. Mwezi wachiwiri Malita analikhudza. Wachitatu anasendera mpaka m'mphepete mwa mphasa. Wachinayi anayamba kuwomba m'manja nyimbo ikamaimbidwa, milomo ili chitsekere. Kuluma kunachepa, kenako kunatha. Koma mawu ayi. Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa, ndipo Enelesi mwiniwake anayamba kuopa kuti mwina nkhondo inatseka khomo limene iye sangathe kutsegula.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri kunabwera mwana watsopano, wa zaka zitatu. Amayi ake atamusiya n'kutembenuka, anadziponya pansi akulira mosatonthozeka. Enelesi anali kumbali akumanga bala la mwana wina. Asanadzuke, anaona Malita akuimirira. Anayenda kudutsa bwalo lonse, n'kugwada pafupi ndi wolirayo. Anapisa dzanja m'malaya, anatulutsa mbatata yake, anainyema pakati, n'kumupatsa mbali yaikulu. Ndipo ndi mawu osasa, a munthu amene sanalankhule kwa nthawi yaitali, anati:

"Leka kulira. Amayi ako abweranso."

Mwana amene amayi ake sanabwerenso ndiye ananena zimenezo.  Enelesi anatembenukira kukhoma kuti asamuone nkhope, ndipo nsalu yomangira bala ija ndi imene anapukutira misozi.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali mayeso amene anakugwetsani, ndipo mpaka lero anthu amakuyezani ndi pepala limene mulibe. Mwina mukugwira ntchito imene ena amaiona ngati masewera, ndipo ikayenda bwino ulemu umapita kwa amene ankakunyozani. Kwiyani ndithu, zinthu zotere n'zokwiyitsa. Koma mkwiyowo musagone nawo, ugwiritseni ntchito. Onani chimene chili m'manja mwanu ndi amene akusowa thandizo lanu pafupi pomwepo, muyambe mawa m'mawa. Akakutsekerani njira iyi, funani imene aiwala kutseka. Ndipo inu makolo, mwana wamng'ono akamasewera musati akutaya nthawi, pamenepo ndi pamene munthu akumangidwa.

Zipatso zina zimachedwa kupsa kuposa m'mene mtima ungapirire. Pirirani ndithu. Musataye mtima, pali wina amene akudikira inuyo kuti atsegule pakamwa.